Tsiku Limene Bambo Anawongola Bedi la Amayi

Bambo anga anayala matailosi kwa zaka pafupifupi makumi anayi, ndipo konse kumene anagwirako ntchito anthu ankawadziwa ndi dzina lakuti a Levulo. Levulo ndi kachida ka amisiri kokhala ndi kagalasi ka madzi pakati, koonera ngati chinthu chawongoka kapena chapendekeka. Bambo anali nayo yaikulu ya kuntchito, ndi ina yotalika ngati chala imene inkakhala m'thumba la malaya ngakhale popita ku ukwati. Lero ndi okalamba, amakhala kwa ine, ndipo tebulo langa lodyera lakhala likugwedera chaka chachitatu tsopano. Amaliona, amagwira kapu yawo ya tiyi kuti isatayike, koma tebulolo salikhudza. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, pakuti mbali yaikulu ya chifukwacho ndine.

Kale sizinali choncho. Munthu ameneyu sankatha kudutsa chinthu chopendekeka n'kuchisiya. Kalendala ya mu ofesi ya eni, chithunzi cha pakhoma kunyumba yachilendo, shelefu ya mu golosale, zonse ankaziwongola osapempha. Tsiku limene tinapita kukaonana ndi makolo a amene anali mwamuna wanga, anthu ali mkati molankhula zaulemu, bambo anawerama n'kuyamba kugogoda tailosi la pansi ndi chala. "Apa pansi palibe simenti," anatero. "Lisweka chaka chisanathe." Amayi anawatsina pamkono. Tailosi lija linaswekadi, banja langa nalonso silinachedwe, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Sanali munthu wa mawu. Makina odulira matailosi anawadya makutu pang'onopang'ono, moti pofika zaka makumi asanu munthu ankayenera kuwayang'ana kumaso ndi kukweza mawu kuti amve. Iwo sizinkawadandaulitsa. Ankati zambiri zimene anthu amalankhula n'zoti ungathe kuziona ndi maso. Chikondi chawo chonse chinali m'manja. Ukadwala sankakufunsa kuti wadzuka bwanji, ankakonza chitseko cha kuchipinda kwako kuti chisamalire ukagona.

Amayi anali telala, ndipo pakamwa pawo pankakwanira anthu awiri. Anakumana amayi akusoka pakhonde la sitolo imene bambo ankayalamo matailosi. Makina a amayi ankagwedera, ndiye tsiku lachitatu bambo anangobwera ndi kachidutswa ka tailosi, n'kugwada, n'kukalowetsa pansi pa mwendo wa makinawo, n'kubwerera kuntchito osapereka ndi moni womwe. Amayi ankakonda kunena kuti anafunsiridwa ndi munthu amene anamuona pamutu asanamuone kumaso. Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi ankaitanana kuti "amisiri" ndi "atelala", ndipo sindikukumbuka kuti anagonapo nyumba zosiyana.

Ine ndine mwana wawo yekhayo. Pakamwa ndinatengera amayi, koma mtima wapachalawu kaya ndinautola kuti. Ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ntchito yoti tsiku lonse umakhala pambali pa munthu amene akufuna kukupha mosadziwa. Kukalipa ndinakuzolowera moti ndimayamba ndakalipa, kuganiza pambuyo.

Amayi anagwa Lachiwiri m'mawa akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Bambo anali m'chipinda china. Makina sankawamva ndi khutu, ankawamva ndi phazi, kunjenjemera kwake pansi. Kunjenjemerako kutasiya pakati pa msoko, anadikira pang'ono, kenako anapita kukasuzumira. Anawapeza atatsamira kumanzere, pakamwa patapotoka, dzanja lili lende.

Kuchipatala anawajambula m'mutu, ndipo madzulo ake dokotala wina, mtsikana wovala nsapato zothamangira, anatiitana pakona ya wodi. Anati ndi sitiroko, magazi anaundana n'kutseka mtsempha waukulu wa mbali ya kumanja ya ubongo. Ine ndinapumira m'mwamba, chifukwa amayi anali akulankhula, movutikira inde, koma akutizindikira.

"Ndiye choopsa chadutsa?" ndinafunsa.

"Ayi, achemwali. Choopsa chikubwera," anatero. "Ubongo wavulala, ndipo chilichonse chovulala chimatupa. Phazi likatupa mumavula nsapato. Ubongo uli m'chigaza, ndipo chigaza sichitambasuka."

Anafotokoza mosathamanga, ndipo ndimamuyamikira mpaka lero. Anati ubongo unapangidwa ndi timaselo tosawerengeka, ndipo kalikonse kamakhala kakutulutsa mchere kunja usana ndi usiku. Ntchito imeneyo imafuna mphamvu yochokera m'magazi. Magazi akasiya kufika, mchere umalowa, madzi amatsatira mcherewo, timaselo timafufuma. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, timitsempha ting'onoting'ono ta pamalo ovulalawo timayambanso kudontha, madzi n'kuwonjezereka. Mbali yotupayo imakankha mbali yabwino, imafinya mitsempha yake, ndipo nayonso imayamba kusowa magazi. Anati kutupako kumakula kwambiri kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachisanu. Amayi akadutsa masiku amenewo, tidzakambirana zophunziranso kuyenda.

Ndinafunsa za mankhwala. Anati alipo awiri amene amadalira. Ena ndi manitolo, mtundu wa shuga wodutsira mu diripi, umene umakoka madzi kuchoka mu ubongo kulowa m'magazi, kenako munthu n'kuwakodza. Ena ndi madzi a mchere wambiri, nawonso a mu diripi, amene amakoka madzi chimodzimodzi. Koma onsewa sachiritsa, amangopepuza kwa maola angapo, ndipo sungangowathira mosalekeza chifukwa impso zimatopa. Ndinamuuza za mwamuna wa mnzanga wa kuntchito amene anatupa m'mutu n'kuchira ndi timapiritsi. Dokotala anapukusa mutu. Anati amenewo amathandiza kutupa kukakhala kozungulira chotupa, koma pa sitiroko sathandiza. Anati pali ena amene akuyesedwabe oti atseke njira imene mchere umalowera, koma sanafike poti n'kuwadalira. Pali opaleshoni yochotsa chidutswa cha chigaza kuti ubongo upeze kotupira, koma mtima wa amayi unali wofooka kale, sukanapirira.

Titabwerera pabedi, nesi wamkulu wa muwodimo, mayi wonenepa wa mawu okhuthala, anali akukweza kumutu kwa bedi. Chopukusira chake chinali chitafa kalekale, ndiye ananyamula chitsulo cha kumutu n'kuikapo matabwa awiri ochindikala. Ananditembenukira.

"Mutuwu uzikhala m'mwamba chonchi nthawi zonse, khosi lowongoka. Zimathandiza magazi kutsika kuchoka m'mutu. Akagona chathyathyathya, m'mutu mumadzadza. Mwamva?"

"Ndamva, sisita."

Bambo anali ataima kuphazi kwa bedi, chipewa chili m'manja, akuyang'ana milomo yathu. Anandikoka malaya.

"Akuti chiyani, mwanawe?"

Ndinali nditatopa, ndipo muwodi munali anthu ambiri oti sindinafune kuwakuwira za matenda a amayi anga. Ndinayandikira khutu lawo n'kunena kuti, "Akuti tidikire." Anagwedeza mutu. Mawu awiri amenewo ndiwo onse amene bambo anamva pa zonse zimene dokotala ndi nesi ananena tsikulo.

Lachitatu amayi anali akadali eni ake. Bambo atayamba kugogoda matailosi a muwodi ndi nsonga ya nsapato, amayi anawayang'ana ndi diso limodzi n'kunena, lilime likulemera, "Amisiri, pano si pantchito." Odwala a mabedi oyandikana anaseka. Amayi anadandaulanso za pilo, pakuti kunyumba sankagonera pilo chibadwire, ankati amawathyola khosi. Ndinawauza kuti apirire. Koma pofika madzulo anayamba kuodzera pakati pa chiganizo, akumagwira mbali ya kumanja ya mutu. Anawaika manitolo koyamba. Thumba la mkodzo linadzadza msanga, ndipo patapita kanthawi anatsegula maso n'kupempha madzi.

Lachinayi ndinali ndi wophunzira wokayesedwa mayeso oyendetsa, mayi amene anali atalephera kale kawiri, ndipo abwana anati palibe wina womuperekeza. Ndinachoka cha m'ma leveni. Ndinauza bambo kuti akhale pampando, asachoke, ndibwera msanga. Za matabwa aja sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Ndinabwerera itadutsa thiri koloko. Katani ya pabedi la amayi inali yotseka. Bambo ndiwo anaitseka, chifukwa ankadziwa kuti amayi sankafuna anthu aziwaona malovu akutuluka. Nditalowa ndinapeza bambo ali pampando, manja ali bii ndi girisi, nkhope yowala ngati ya munthu amene wamaliza chipinda chonse tsiku limodzi. Matabwa awiri aja anali atasanjidwa bwinobwino pansi pa mpando, pilo ali pamwamba pake. Bedi linali lowongoka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo amayi anali chagada.

"Taona," anatero bambo. "Linalibe vuto lalikulu, bawuti inangochoka m'malo. Ndabwereka sipanala kwa okonza mapaipi panjapo. Amangotsetsereka mayi akowa, khosi kupindika, ine kuwakweza, iwo kutsetserekanso. Tsopano agona tulo teniteni. Ngakhale ine ndikuumva mkononowo."

Mkonono umenewo sunali wa tulo. Unali wakuya, wodukizadukiza. Ndinawagwedeza amayi, ndinawaitana, ndinawatsina pachala. Zii.

"Mwawagoneka chonchi nthawi yanji?"

"Utangochoka."

Ndinathamangira nesi wamkulu uja. Anabwera ndi tochi, anatsegula zikope za amayi, ndipo ndinaona ndekha kuti kamwanadiso ka kumanja kanali katakula kuposa kanzake, kosasuntha ndi kuwala. Nesi sanakalipe. Anagwira chopukusira chija mwachizolowezi, n'kupukusa, ndipo bedi linakwera myaa, popanda ndi phokoso lomwe. Bambo analikonzadi. Dokotala anafika akuthamanga. Botolo la manitolo limene linalipo linali litagwira timiyala pansi, ndiye analiviika kaye m'beseni la madzi otentha kuti tisungunuke, ife titaima, tikuyang'ana beseni.

Pamenepo ndi pamene ndinatembenukira bambo. Sindidzikometsera, ndinena mmene ndinanenera. Ndinakuwa wodi yonse ikumva.

"Anakutumani ndani? Chilichonse mukonze inu? Matabwa aja anawaika dala. Mwawapha amayi ndi manja anuwo. Tulukani muno, ndipo musalowenso."

Tsiku limenelo sanandifunse kuti ndikuti chiyani. Anayang'ana matabwa, anayang'ana amayi, anayang'ana manja awo. Anatola chipewa. Potuluka anaima kaye pa tebulo la manesi n'kusiyapo sipanala ija, ndipo ndinawamva akupempha kuti wina akaibweze kwa eni ake.

Panja pa wodi panali benchi lalitali loyang'anizana ndi chitseko. Bambo anakhala pamenepo mpaka nthawi yoona odwala itatha. Lachisanu m'mawa ndinawapeza pomwepo, atavala malaya oyera ositidwa mokhotakhota, pakuti chikwatirire anali asanagwirepo simbi. Anabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi buledi, koma sanandipatse okha, anapatsira nesi kuti andipatse. Chitseko chikatseguka ankadzutsa mutu. Ndikadutsa ndinkayang'ana kumbali.

Mankhwala aja anagwira pang'ono. Kamwanadiso kanabwerera, mkonono unachepa, ndipo Lachisanu cha kummawa amayi anatsegula maso. Sanalankhule. Anandifinya chala ndi dzanja lamanja, kenako maso awo anachoka pa ine n'kupita pampando wopanda munthu. Anakhala pamenepo, n'kubwerera kwa ine, n'kupitanso pampando. Ndinadziwa amene ankawafuna. Ndinati, "Akubwera, amayi." Sindinadzuke. Patapita mphindi zochepa anatsekanso maso.

Masana ndinakumana ndi dokotala uja pamasitepe, akudya nthochi choimirira. Ndinamufunsa mosazungulira ngati bedi lija ndilo lawononga zinthu.

Anameza kaye. "Silinathandize, sindikunamizani. Koma achemwali, mbali imene inavulala ndi yaikulu kwambiri. Chithunzi cha tsiku loyamba chija nditangochiona ndinadziwa kuti tsiku lachitatu kapena lachinayi tidzathamanga. Ndaonapo ambiri otere, mutu uli m'mwamba usana ndi usiku, n'kutupabe chimodzimodzi. Kaya maola aja anachotsapo zingati, palibe angakuuzeni, ngakhale ine. Bambo aja anauzidwa chifukwa cha matabwawo?"

Ndinati sindikudziwa.

Bodza limenelo ndilo limandiwawa kuposa kukuwa kuja. Kukuwa kunali kwa mantha, aliyense angamvetse. Koma pamasitepe paja mantha anali atachepa, ndipo ndinadziwa bwinobwino chimene chinkandiletsa kupita pabenchi paja. Ndikanati ndiwaitane bambo, ndikanayenera kuwauza kuti nesi ananena za mutu ine ndilipo, iwo n'kundifunsa, ine n'kuwayankha kuti tidikire. Bola mlandu ukhale pa iwo, munthu wosadziwa kudziteteza, kusiyana n'kuti ukhale pa ine. Sindinaganize ndi mawu amenewa nthawi imeneyo, koma ndi zimene ndinachita. Nesi wamkulu anayesa kundinyengerera. Anati, "Mwana wanga, bambo aja akhala pabenchipo kuyambira sikisi, sanadye." Ndinamuyankha mwamwano kuti asamale odwala ake. Mumtima ndinkati ndiwauza bambo mawa, amayi akadzuka bwino, kuti zonse zikhululukidwe pamodzi.

Zoona zake ndinadzawauza patatha chaka chathunthu, tili awiri pakhonde, nditayandikira khutu lawo. Iwo anangoti, "Unatopa, mwanawe." Za nkhaniyi sanayankhulepo china kufikira lero.

Loweruka linali tsiku lachisanu, limene dokotala anati tikalidutsa tapulumuka. Ndinadzuka ndikuwerenga maola. M'mawa anawaika madzi a mchere aja, pakuti manitolo anali atayamba kulemetsa impso. Anawatenga magazi, ndipo zotsatira zitabwera dokotala anati mchere wa m'magazi wafika pamene sangawonjezerenso. Mutu unali m'mwamba, khosi lowongoka, ine ndemwe ndinkaliwongola mphindi iliyonse. Cha m'ma leveni kamwanadiso ka kumanja kanakulanso. Itakwana wani, kanzake kanatsatira. Kupuma kunayamba kutalikirana, kumaima, ine n'kugwira mpweya wanga, kenako n'kuyambiranso.

Nesi wamkulu anabwera n'kuima pambali panga. Sanandinyengererenso, anangonena motsitsa mawu kuti, "Ngati pali wina woti awaone, nthawi yake ndi ino." Ndinamva. Ndinayang'ana kuchitseko. Kuchokera pabedi kufika pabenchi panali mapazi osakwana makumi awiri. Ndinati ndidikire kupuma kumodzi kokha, ndione ngati kubwere, kenako ndipite. Kunabwera. Ndinadikiranso kwina, dzanja la amayi lili m'manja mwanga, ndikuopa kulisiya, ndikuopanso nkhope imene ndikaipeze panja. Ndinadikira kanayi kapena kasanu. Kenako kupuma kuja sikunabwerenso.

Dokotala anamvetsera pamtima, anayang'ana wotchi, anandigwira paphewa. Nesi anatseka diripi n'kukoka katani. Anandifunsa ngati akawauze yekha bambo. Ndinati ayi, ndipita ndekha.

Anali pamalo pawo pomwe, kumapeto kwa benchi, fulasiki ili pakati pa mapazi. Dzuwa la masana linali litawafika pamaondo koma sanasunthe. Atandiona ndikubwera molunjika kwa iwo, kwa nthawi yoyamba m'masiku awiri, anaimirira n'kuvula chipewa. Ndinaima patsogolo pawo. Anandiyang'ana milomo, kenako maso, ndipo ndinaona kuti adziwa. Anapukuta manja pa buluku, kuseri ndi kuno, ngakhale anali oyera.

"Mwanawe," anatero, "ndingalowe tsopano?"